Chimene Anachotsa Mumsana mwa Atate

Atate anga ankakankha wilibala. Ndiyo ntchito imene ndinawapeza nayo nditabadwa, ndipo ndinakwatiwa akadali nayo. Ankanyamula matumba a malasha, makabichi, simenti, mabedi a anthu osamuka, chilichonse chimene munthu sangasenze pamutu. Tinkakhala ku Kanyama, kumene mvula ikagwa madzi salowa pansi koma m'nyumba za anthu, ndipo oyendetsa galimoto ankangofika pamsewu waukulu n'kunena kuti mkatimo salowamo. Ndiye wilibala inali ndi ntchito chaka chonse. Atate anali munthu wosayankhulayankhula, wa cha ku Katete, amene anakhala mu Lusaka zaka zambirimbiri koma lilime linakana kusintha. Ife ana awo titangokula anayamba kutitchula kuti "inu," ngati alendo.

Matenda awo anabwera mwakachetechete, imvi zitadzaza kale m'mutu. Tikamapita kukantemba kukagula mchere, manja ali lende opanda katundu, ankayenda pang'ono n'kuima. Ankanamizira kukonza nsapato. Nsapato zake ziti, poti ankavala zija za matayala zopanda ndi chingwe chomwe? Kenako ankanyonyomala m'mbali mwa njira, nkhope itakwinyika. Ukawafunsa ankati, "Miyendo yalemera ngati ndavala ya munthu wina. Dzanzi likuyambira m'matako n'kutsetsereka mpaka kuzala." Akakhala pansi kanthawi, zinkatha, n'kudzuka, n'kuyendanso pang'ono, n'kunyonyomalanso.

Koma apatseni wilibala! Akangowerama n'kuigwira, munthu ankasanduka wina. Kuchoka ku Kanyama mpaka kumsika waukulu wa m'tauni, n'kubwerera ndi katundu wodzaza, osapuma panjira. Inenso zinkandidabwitsa. Ndinkangoti mwina thupi linazolowera ntchito yake, basi. Kukiliniki ya m'komboni anapitako, anawapatsa mapiritsi opha ululu n'kuwauza kuti ndi ukalamba, ndipo iwo anavomera poti ukalambawo unalipodi.

Pa nthawiyo amayi anali atalowa tchalitchi china chatsopano, chija cha malata pamwamba ndi m'mbali momwe, chokhala ndi zokuzira mawu zazikulu kuposa chitseko. M'busa wake anali mnyamata wa msinkhu wanga, wa nsapato zosongoka ndi kampango koyera kopukutira thukuta. Amayi anga, munthu wamkulu wa zidzukulu, ankamutcha Papa, n'kumamugwadira popereka moni. Ine mundikhululukire, ndizingoti "iye," ulemu wanga pa munthu ameneyo unatha. Amayi anali mtsogoleri wa azimayi kumeneko, ndipo mpando umenewo ankaukonda kuposa chakudya. Atate ankawaperekeza Lamulungu lililonse, osati chifukwa chokonda phokoso, koma kuti m'nyumba mukhale mtendere.

Kutchalitchi kumeneko mipando ndi yokongoletsa chabe. Poimba, muime. Popemphera, muime, manja m'mwamba, nkhope kudenga. Pomva ulosi, muimenso. Atate ankayesetsa, koma nyimbo isanathe miyendo inkawathawa, ndiye ankakhala pansi n'kuweramira kutsogolo, zigongono pamaondo. Azimayi anzawo a amayi anali ndi maso akuthwa pa zinthu zotere. Ndinawamva ndekha pampopi tsiku lina nditapita kukacheza kwa makolo, asanadziwe kuti amene waima kumbuyo kwawo ndi mwana wa mwini nkhani.

"Mwabaona bamdala? Pemphelo ikangoyamba kupya, beve bankala pansi."

"Koma wilibala bakankha mpaka mu tauni. Ni vinthu ivo, mwandi. Vikana pemphelo."

Ndinatunga madzi anga, ndinawapatsa moni mokweza kuti andione bwino, n'kuchokapo. Ndinkaganiza kuti ndi miseche wamba ya pampopi, yomwe imauma dzuwa likakwera. Sindinadziwe kuti inali italowa kale m'nyumba mwathu.

Ine ndinkakhala ku Matero ndi amuna anga, ndikuluka tsitsi pakhonde. Tsiku lina amayi anandiimbira foni, mawu ali pansipansi.

"Iwe, Lachitatu masana ubwere kuchalichi. Papa aona vinthu pa atate ako."

"Vinthu vanji, amayi? Atate akudwala miyendo."

"Kuchipatala anapeza chiyani? Palibe. Ubwere uone wekha, iwe wotsutsa."

Ndinapita. M'kati munali kutentha koti malata ankachita kulira, fungo la thukuta ndi mafuta odzola lili tho. Odwala anawandandalika kutsogolo, atate ali kumapeto, atavala jekete yawo ya kumaliro. Kumbuyo kwa aliyense kunaima anyamata awiri oti awakhe munthu akamagwa. Amene munalowapo m'matchalitchi oterewa mukudziwa mmene zimachitikira: m'busa amaika chikhatho pamphumi pako n'kukukankhira kumbuyo, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu, mpaka ugwe. Azimayi amene anali patsogolo pa atate anagwa bwinobwino, mokonzeka, wina mpaka anayamba wakoka siketi yake kuti isakwere.

Atafika pa atate, anali ataima kale nthawi yaitali, miyendo ikunjenjemera. Iye anawagwira pamphumi n'kuwapindira kumbuyo. Mayo ine! Kukuwa kumene anakuwa atate sindinakumvepo chibadwire. Munthu amene chala chinaphwanyidwa ndi njerwa n'kungoti "aa," tsiku limenelo anakuwa ngati mbuzi yogwidwa mwendo. Tchalitchi chonse chinaphulika ndi chimwemwe. Nthungululu, m'manja, ng'oma. Iye n'kumakuwa m'chokuzira mawu, "Ndiwe ndani? Tuluka! Tuluka!" uku akukankhabe. Atate anagwa, anadzipinda chammbali, maondo atafika pachifuwa, ndipo kupuma kwawo kunayamba kubwerera. Iye anawaloza ndi nsapato. "Mwaona? Chagona manje. Koma chikalimo."

Ndinayang'ana amayi. Anali akulira, manja ali m'mwamba, akuthokoza. Ine ndinatuluka kukalavula kuseri kwa malata.

Panjira ndinawauza atate kuti, "Tiyeni kwathu ku Matero, mawa tipite kuchipatala chachikulu." Anali atakhala pamwala m'mbali mwa ngalande, akupumira m'mwamba.

"Iyayi, amayi anu angakhumudwe. Asiyeni ayese zawozo. Zikakanika tidzapita."

Ndiwo atate anga amenewo. Munthu woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iye. Ndinawakalipira pamsewu pomwepo, anthu akutiyang'ana, koma anangoseka pang'ono n'kundiuza kuti ndinatengera pakamwa pa amayi anga.

Zinapitirira choncho Lachitatu ndi Lachitatu. Ndiye kunabwera nkhani ya wilibala, ndipo imeneyi ndikaikumbukira mpaka lero chakudya chimandikanika. Iye anati waona mumzimu kuti mphamvu ya chinthucho ili mu wilibala. Nanga munthu wolephera kuima pamaso pa Mulungu amayenda bwanji mpaka m'tauni akaigwira? Funso lake linali lomwe lija la pampopi, kungoti tsopano linavala suti. Anabwera kunyumba ndi gulu la azimayi, akuimba. Pazogwirira za wilibala atate anakulungapo mphira za chubu ndi nsanza kuti m'manja musatuluke matuza. Aliyense wokankha wilibala mu Lusaka amachita zimenezo, pitani mukaone. Koma iwo anati ndi zithumwa. Anadula mphirazo ndi mpeni, akupemphera m'malilime, anazifutukula, anapezamo dzimbiri ndi thukuta la zaka zonse. Kusapeza kanthu sikunawabweze. Anati chabisala m'tayala.

Anaikokera pabwalo, anaithira mafuta awo opatulika, kenako parafini, n'kuyatsa. Utsi wakuda wa tayala unadzaza mzere wonse wa nyumba, ana akutsokomola, zovala za anthu zili pachingwe. Mnzanga wina wapafupi ndiye anandiimbira, ndipo pamene ndinkafika ndinapeza chitsulo chokhachokha, chakuda, chitagona chammbali. Atate anali pakhomo, pampando wapulasitiki, akuyang'ana. Amayi ndi amene anatsegulira anthuwo kakhitchini kamene wilibala inkagonamo.

Kuyambira tsiku limenelo atate sanathenso kuyenda kupitirira chimbudzi. Ankakankha mpando wapulasitiki uja patsogolo, atauweramira, khwee, khwee, pabwalo lonse. Ndipo mukudziwa zimene anthu ananena? Ati mwaona, tangowachotsera chithumwa, afooka. Akayenda, ndi vinthu. Akalephera kuyenda, ndi vinthu. Akakuwa, chikutuluka. Akakhala chete, chabisala. Anthu amene atate anawanyamulira mabokosi a maliro m'matope, nthawi imene galimoto zinkakana kulowa, anayamba kulambalala pakhomo pathu. Mayi wina amene ankabwera kudzapala moto pambaula yathu tsiku ndi tsiku anayamba kukapala kutali.

Ndinayambana ndi amayi koopsa. Ndinawafunsa kuti, "Mwakhala nawo zaka zonsezi, munagonapo ndi njala? Munaonapo chithumwa m'thumba mwawo pochapa?"

"Iwe sudziwa kanthu. Amuna a kumudzi amabwera navo kuti ntchito iziyenda. Mwina anawapatsa ali mwana, iwonso osadziwa. Ine nifuna kuwathandiza."

Chimene chinkandinyansa kwambiri n'chakuti ankanena zoona, ankafunadi kuwathandiza. Ankasala kudya chifukwa cha iwo, anachita kuonda. Akanakhala munthu wankhanza ndikanadziwa pomugwira. Koma awa ankawapha ndi chikondi, uku akuyang'ana kuti azimayi anzawo akuwaona kuti sakubisa mfiti m'nyumba.

Tsiku lomaliza linali Lamulungu. Anati kuli mapemphero aakulu omalizitsa nkhondo, ndipo atate anawatengera kumeneko pa takisi. Ine ndinapita kuti ndikangowatenga zikatha, zivute zitani. Popeza sakanatha kuima okha, anyamata awiri anawagwira m'khwapa, uku ndi uku, n'kuwaongola njo, kuti asawerame. Anawaimika choncho nyimbo zonse. Nkhope yawo inachita kutuwa. Ndinayamba kudzipanikiza kupita kutsogolo, koma anthu anali atathithikana, wina n'kumandikoka bulauzi kuti ndisasokoneze mzimu. Iye anafika, anapukuta thukuta ndi kampango kake, anaika dzanja pamphumi, n'kukankha.

Ulendo uno atate sanakuwe kwambiri. Ndinangoona buluku lawo likuda kutsogolo, kenako madzi akutsika mpaka m'nsapato, n'kuyenderera pasimenti. Iwo sanadziwe n'komwe. Anadziwa ataona anthu akulumpha. "Chatuluka! Chatuluka!" Nthungululu zinalira kuposa kale. Mtsikana wina anatukula foni yake n'kumajambula, akusuntha kuti apeze poonekera bwino. Atate anayang'ana pansi, anaona, ndipo anatseka maso.

Sindikumbuka mmene ndinadutsira. Ndinavula chitenje changa n'kuwakulunga m'chiuno, ndinamenya dzanja la mnyamata mmodzi kuti awasiye. Iye anandilozera chokuzira mawu, ati mwana wamkazi nayenso ali nacho. Ndinamuuza kuti, "Chimene ndili nacho ndi nseru. Mkodzo wa munthu wamkulu ndiye mwaupeza chovinira? Mulibe makolo inu?" Zina zimene ndinanena sizolembeka. Amayi anandigwira mkono, akuti ndawachititsa manyazi. Manyazi! Amuna awo ali chiimire m'mkodzo pamaso pa komboni yonse, manyazi anawaona pakamwa panga.

Amuna anga anabwera ndi takisi ya mnzawo, ndipo tinapita kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Atate sanakanenso. Njira yonse anangoyang'ana pawindo, atakhalira chitenje changa.

Tinadikira ndithu, monga mudziwa mizere ya kumeneko. Koma nditangouza namwino kuti adzikodzera osamva, zinthu zinafulumira. Dokotala amene anationa anali mayi wamfupi, wotopa, wa magalasi. Anawagoneka, anawagogoda m'maondo, anawabaya ndi kanthu kosongoka m'miyendo ndi m'matako, akufunsa kuti apa mukumva, nanga apa. Malo ambiri atate ankati sakumva. Kenako anafunsa funso limene linandiimitsa mutu, ine ndisanamuuze chilichonse.

"Atate, mukawerama kapena kukhala pansi, ululu umachepa? Pali chinthu chimene mukachiyedzamira mumayenda bwino?"

Atate anayang'ana ine, kenako dokotala. "Wilibala," anatero motsitsa mawu, ngati akuulula mlandu.

"Eya," anatero dokotala, osadabwa n'komwe. "Ena amati njinga, ena ngolo ya m'sitolo. Ndi funso limene timayamba nalo."

Anatenga msana wapulasitiki umene unali pathebulo pake n'kutionetsa. Anati m'kati mwa mafupa a msana muli njira, ngati paipi, mmene mumadutsa mitsempha yopita kumiyendo ndi kuchikhodzodzo. Munthu akamakula, mafupa ndi minyewa yozungulira njirayo zimakhuthala, njira n'kumachepa, mitsempha n'kumapanikizika. Anaupinda msanawo kutsogolo, timipata take tinatseguka, tinaona ndi maso athu. "Akawerama, mitsempha imapuma." Anaupinda kumbuyo, timipata tinatsekeka. "Akaima njo nthawi yaitali, kapena kupindikira kumbuyo, imafinyika. N'chifukwa chake kuima kumawapweteka kuposa kukankha katundu." Anatchula dzina lake lachingerezi, koma anati tingoti njira ya mitsempha mumsana yachepa. Anati si matenda achilendo kwa anthu achikulire, ndipo ambiri amathandizidwa ndi masewera olimbitsa thupi, mankhwala, nthawi zina jakisoni wa pamsana. Koma zikafika poti munthu sakumva mkodzo, palibenso zodikira.

Ine maso anga anali pa msana wapulasitiki uja uli chipindikire kumbuyo m'manja mwake. Ndinaona chikhatho chija pamphumi. Miyezi yonse ija, Lachitatu lililonse, anthu ankatenga munthu wodwala n'kumamupinda mbali yeniyeni imene imamufinya, n'kumavina akakuwa. Ndipo chinthu chimodzi chimene chinkawayendetsa anachithira parafini.

Dokotala anafunsa ngati anagwapo posachedwa. Atate anati iyayi. Ine ndinati, "Amagwa mlungu uliwonse, amachita kuwagwetsa," ndipo ndinafotokoza zonse. Anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anati sanganene kuti zimenezo ndizo zawafikitsa apa, poti matendawa amakula okha, koma sizinawathandize ngakhale pang'ono, ndipo zisachitikenso.

Anawagoneka m'chipatala, anawajambula msana m'makina aja olowetsa munthu yense, ndipo chithunzi chinaonetsa pamene panapanikizika, m'munsi cha m'chiuno. Anawachita opaleshoni. Anatifotokozera kuti achotsa kachidutswa ka fupa ndi minyewa yokhuthala ija kuti mitsempha ipeze malo. Amayi ankabwera tsiku lililonse ndi phala m'fulasiki, ndisawanamizire, ankawapukuta ndi kuwadyetsa. Ndinawaitanira dokotala uja kuti awaonetse msana wapulasitiki. Anayang'ana, anagwedeza mutu mwaulemu, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndiye mwachotsamo chinthu?" Dokotala anati inde, kafupa. Ndinaona nkhope ya amayi ikuwala, ndipo mtima wanga unangoti phwii.

Atate atatuluka m'chipatala ndinawatengera kwathu ku Matero. M'mawa uliwonse ankagona chagada pamphasa n'kumakokera maondo pachifuwa monga anawaphunzitsira, ine ndikuluka tsitsi pakhonde, makasitomala akuwalimbikitsa. Anayamba ndi chitsulo choyendera, kenako ndodo. Mkodzo unabwerera m'malo mwake, ngakhale kuti ukawapana sadikira. Phazi lamanzere linatsala lolemera, amalikoka pang'ono mpaka lero, ndipo dokotala anati mitsempha ikapanikizika nthawi yaitali sibwerera yonse. Koma anayamba kuima. Tsiku limene anaima pakhomo n'kumeta ndevu mpaka kumaliza osakhala pansi, tinaphika nkhuku.

Ku Kanyama nkhani inali itatsogola kale. Kafupa kaja kanachoka m'kamwa mwa amayi kali "chinthu," pofika pampopi chinali ndi ubweya, pofika kumsika chinali ndi mano ndipo chinkapuma, madokotala ati anathawa m'chipinda. Iye analalikira kuti mapemphero ndiwo anachizula pamene chinabisala, achipatala anangotola. Kanema wa mkodzo uja anayenda m'mafoni ndi mawu olemekeza Mulungu pansi pake. Kasitomala wanga wina anandionetsa, osadziwa kuti ndi atate anga. Tsitsi lake ndinalisiya theka, ndinamuuza kuti akamalizitse kwina.

Atate atalimba anati akubwerera kwawo ku Kanyama. Ndinawachonderera kuti akhale, anakana. Pasanapite nthawi ndinamva kuti akukapereka umboni kutchalitchi kuja. Sindinapiteko, ndikanaswa chinthu. Ndinamva kuti anaima kutsogolo ndi ndodo yawo, ananena kuti, "Ndinali kudwala, lero ndaima, ndithokoza Mulungu," n'kukakhala pansi. Iye ndi amene anawonjezera zina zonse, ubweya ndi mano omwe, atate ali chete.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ndili moto. Ndinawapeza okha pakhomo akusenda mbatata.

"Atate, bwanji simunawauze? Munauona msana uja ndi maso anu. Munalibe chinthu mwa inu!"

"Munalibe, inde."

"Ndiye bwanji?"

Anapitiriza kusenda. "Ndikanena kuti munalibe kanthu, ndiye kuti amayi anu ayenera kukhala pansi n'kuganiza zimene anachita. Wilibala ija, Lachitatu lonse lija. Simuwadziwa amayi anu? Sangazisenze. Ine ndasenzapo zambiri, ichi n'chochepa."

Ndinawauza kuti si chochepa, ndi dzina lawo. Anati dzina la wokankha wilibala silinali lalikulu ndi kale. Ndinachoka osatsanzika, ndipo panapita miyezi ndisanapondeko.

Chimene chinandibweza ndi mwana. Ndinabereka mwana wanga woyamba, wamwamuna, patapita zaka zambiri ndili pabanja, ndipo atatuluka m'chikuta ndinapita naye ku Kanyama kuti agogo ake akamuone. Atate ndinawapeza atasamba kale, atavala shati yoyera, atakhala pampando pakhomo kuyambira m'mawa. Anali atasamba m'manja ndi sopo, fungo lake ndinalimva popereka moni. Amayi anatilandira ndi nthungululu, anamumasula mwana kumsana kwanga, anamuvinitsa, anamununkhiza m'khosi. Kenako ndinamutenga kuti ndikamuike m'manja mwa atate. Amayi anandigwira pachigongono n'kundikokera pakhomo la kakhitchini. Ananong'ona, koma kunong'ona kwa amayi anga kumamveka kunyumba yachitatu.

"Usawapatse manje. Yembekeza Papa ayambe amupempherera. Vinthu vija vikachoka vimafuna pokhala, ndipo mwana ni wofewa."

Ndinachotsa dzanja lawo pamkono wanga, ndinayenda mpaka pamene panali atate, ndinagwada, n'kuwatambasulira mwana.

"Atate, landirani mdzukulu wanu."

Anaweramira kutsogolo, anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kutsitsi mpaka kutizala ta kumapazi. Anamwetulira, anati mphuno ndi ya kwathu. Manja awo anali pamaondo, ndipo sanawachotsepo.

"Mverani amayi anu," anatero. "Ndamuona, ndi wabwino. Mufunditseni, kunja kuno kuli mphepo."